Paipi ya Mkuwa ya Achemwali Edina

Ana anga, kwa zaka zambiri mwakhala mukundifunsa za paipi yakuda ija imakhala pamwamba pa kabati kuchipinda kwanga. Amayi anu anayesapo kawiri kuipereka kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo kawiri konseko ndinalusa ngati andiponda pachilonda. Wina wa inu ndinamuuza kuti ndi ya mjigo, wina ndinamuuza kuti inachoka ku galimoto yakale. Lonselo linali bodza. Munthu amene watha zaka makumi atatu ndi zisanu akumvetsera mabodza a anthu ku polisi, nayenso amaphunzira kunama osaphethira. Lero manja ayamba kunjenjemera ndipo maso akufuna magalasi ena, choncho ndati ndilembe ndisanalephere kugwira cholembera. Gawo ili ndi la paipi imeneyo, ndiponso la azakhali anu Edina, amene ndinakuuzani kuti anamwalira ndi matenda othamanga magazi.

1983: Ntchito yoyamba

Ndinalowa upolisi ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Nsapato zimene ndinavala popita kokayesedwa, bulangete limene ndinafunda ku maphunziro, ngakhale sukulu imene inandifikitsa pamenepo, zonse zinatuluka m'mbiya ya kachasu kwathu ku Malemia. Paipiyo anabwera nayo bambo athu kuchokera ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi chifuwa chimene chinawapha. Mbiyayo inali ya amayi, yaikulu, yakuda bii ndi utsi wa zaka. Amayi atamwalira, achemwali anga Edina, amene anandisiya ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anasiya sukulu n'kukhala pambali pa mbiyayo kuti ine ndipitirize.

Poti inu munakulira m'malaini a polisi, ndifotokoze pang'ono. Madeya ndi shuga amaviika m'madzi masiku angapo mpaka zitasasa. Kenako zimapita pamoto m'mbiya yovundikira ndi yomata bwino. Nthunzi imalowa m'paipi, paipiyo imadutsa m'kabwato ka madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake kumadontha kachasu. Botolo loyamba amalitcha mutu, ndilo laukali kuposa onse, otsatirawo amanka nachepa mphamvu. Achemwali sanali munthu wakumwa, koma mwambo umodzi sankauphonya. Mowa usanafike pakamwa pa munthu wina, ankathira pang'ono m'chivindikiro cha botolo n'kulawa okha pamaso pa anthu onse. Amayi anawaphunzitsa kuti wotcheza amayamba ndiye, kuti ngati muli choipa chipeze mwini wake.

Tsiku limene ndinkanyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu wa ku Zomba, atasenza sutikesi yanga pamutu. Basi itaonekera anandikoka khutu n'kunena kuti, "Layi, tsiku limene udzabwere kudzandimanga udzayambe wadya kwanu. Ine sindiphikira apolisi." Tinaseka mpaka kondakitala anatikalipira. Dzina langa lonse loti Layisoni sankalitchula iwo, kwa iwo ndinali Layi basi.

Ananditumiza ku kapolisi kena ku chigwa cha Shire, kotentha koti yunifolomu inkauma uli moivala. Sajeni wathu anali mdala wa mimba yaikulu ndi mawu aang'ono. Ndiye anandiphunzitsa lamulo la mowa, osati m'kalasi koma tili panjinga, tikupita kukagwira amayi otcheza.

"Lamulo silidana ndi mowa, mwana iwe," anatero. "Masese munthu akhoza kufulula, bola chilolezo. Koma akangoika paipi kuti mowa ulimbe, ameneyo watsegula fakitale. Ndipo chilolezo cha fakitale mayi wa kumudzi sangachione mpaka kufa."

"Ndiye tikawamanga onse, bwana?" ndinafunsa, mtima uli kwathu.

"Uwasunga kuti? Uwadyetsa chiyani? Timaswa mbiya, timatenga paipi, pakapepala timalemba kuti mwini wake sakudziwika. Mayi amagona kunyumba kwake, akuluakulu amaona mulu wa mapaipi, aliyense wakondwa. Chimenecho ndiye chifundo cha apolisi."

Mawu amenewo ndinawameza onse, ndipo anandipepuza mtima. Ndinaswa mbiya zambiri m'zaka zimenezo ndikudziona ngati munthu wabwino. Kunena zoona, kuswa katundu wa munthu khoti lisanagamule nakonso sikunali kolongosoka, koma palibe mayi amene akanapita kukadandaula. Funso limene sindinadzifunse n'kamodzi komwe ndi ili: mayi amene tamuswera mbiya Lachiwiri, sabata yotsatira amatcheza m'chiyani? Ife tinkangokwera njinga zathu n'kumapita.

1991 mpaka 2005: Kuyendayenda

Za zaka izi ndalemba kale m'magawo ena, sindibwereza. Ndinagwira kumalire a kumpoto kumene kuzizira kunandithyola mano awiri, ndinagwira m'tauni, ndinagwiranso kumalo ena kumene galimoto yathu inakhala pamiyala chaka chathunthu nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Mapepala akatha tinkalemba masitetimenti kuseri kwa mafomu akale. Wodandaula ankabwera ndi cholembera chake. Ndinaona mabwana okoma mtima ndi ena oti ukawapatsa moni amayamba ayang'ana nsapato zako. Ndinakwatira amayi anu, inu munabadwa, ndinalandira mizere itatu ya usajeni, ndipo ku mpingo anandisankha kukhala mkulu.

Apa ndiulule chinthu chimene chimandichititsa manyazi. Pamene ndinkakwera, ndi pamene ndinkatalikira achemwali. Tikabwera ku tchuthi sindinkakulolani kugona kwawo. Ndinkati kuli udzudzu wambiri, ngati kuti udzudzu wa ku Domasi umasankha nyumba. Choona n'chakuti sindinkafuna kuti ana a Sajeni, ana a mkulu wa mpingo, aone amuna ataledzera pansi pa mango ndi azakhali awo akutola mabotolo. Iwo anali atadulidwa mu mpingo kalekale chifukwa cha kachasu yemweyo. Ankadziwa chifukwa changa chenicheni, koma sanandifunsepo. Ankangokumangirani mpunga ndi nthochi n'kukuperekezani pamsewu.

2006: Kubwerera kwathu

Nditapempha kwa nthawi yaitali, anandisamutsira ku kapolisi kakang'ono m'chigwa chathu chomwe chino. Anzanga anandichenjeza kuti wapolisi sagwira ntchito kwawo, koma ine ndinkaganiza za munda wa mpunga ndi nyumba yopumira. Ndinapeza achemwali atakalamba kuposa zaka zawo. Amuna awo anali atapita kalekale, mwana wawo yekhayo atamwalira n'kuwasiyira zidzukulu ziwiri zazikazi. Maso awo anali ofiira ndi utsi, koma pakamwa panali pomwe paja.

Tinapangana popanda kulankhula. Ine ndinkapita kwawo Lamlungu masana nditavala zakunyumba, ndipo tsiku limenelo paipi inkabisala kudenga. Iwo sankandifunsa za ntchito, ine sindinkafunsa chimene chinkanunkha kuseri kwa khitchini. Nthawi zambiri ndinkawapeza ali pamkeka ndi mnansi wawo Abiti Jafali, mayi wachisilamu wogulitsa mandasi ndi usipa ku Naisi. Mayi ameneyu mowa sankaukhudza ngakhale ndi chala, koma awiriwa anali ngati chala ndi mkanda. Ankanyozana tsiku lonse, wina akuti mnzake akapsa kumoto, winayo akuti akakumana komweko chifukwa cha usipa woola.

Masiku amenewo ndi pamene kunadzaza timowa ta m'masacheti, totchipa, taukali, topezeka pa okala iliyonse. Makasitomala anayamba kuthawa amayi otcheza. Pofuna kuwabweza, amayi ena anayamba kuthiramo zinthu zoti sindingazilembe pano. Achemwali sanathiremo kanthu, koma anayamba kubwereza. Ankatenga mabotolo oyamba aja n'kuwabwezera m'mbiya kuti atchezenso kachiwiri, ndipo chotuluka pamenepo dontho lake likagwera pamoto linkayaka lawi lobiriwira. Mbiri ya wobwereza wa kwa Edina inafika mpaka ku ofesi kwathu. Lamlungu lina ndinaswa pangano lathu lija.

"Achemwali, wobwerezayu musiyeni. Akuluakulu akamva za mowa woyaka moto sagona."

"Iwe Layi, anthu akufuna ukali. Ndikapanda kuwapatsa ine apita kwa amene akuthiramo zakupha. Kwanga kuno ndimalawa ndekha, ndipo munthu akakwana ndimamulanda kapu. Sacheti imalanda munthu kapu?"

"Koma lamulo..."

"Lamulo lako linali kuti pamene unkafuna nsapato?"

Abiti Jafali anaseka mpaka kugwira nthiti. "Che Layisoni, pamenepo mwagonja. Imwani tiyi." Ndinamwadi tiyi.

Musamve ngati ndikuyamikira kachasu. Ndanyamula mitembo ya anthu amene anawamaliza, ndaona aphunzitsi abwino atasanduka zitsiru, ndaona ana akugona ndi njala bambo ali chigonere m'ngalande. Ena mwa amenewo ankamwera kwa achemwali anga. Zonsezo ndi zoona. N'zoonanso kuti lamuloli linkagona tulo zaka ndi zaka, n'kudzuka pokhapokha kukagwa maliro.

Okutobala 2009: Lamulo lidzuka

Maliro anagwa. Amuna awiri a mudzi wina kutsidya kwa mtsinje anafa sabata imodzi atamwa kachasu wosakaniza ndi sipiriti. Kuchokera kumwamba kunabwera mawu akuti aliyense wotcheza mowa waukali m'dera lathu athane naye. Bwana wathu nthawi imeneyo, ndimutche a Msowoya ngakhale si dzina lawo, anali munthu wachilungamo, wosadya za anthu, wolankhula pang'onopang'ono. Lolemba m'mawa anandiitana n'kutseka chitseko. Patebulo panali pepala la mayina, ndipo dzina lachinayi linali la achemwali.

"Sajeni, ndikudziwa kuti ameneyu ndi mlongo wanu," anatero. "Sindingamuchotse. Ndikamuchotsa, mudzi wonse unena kuti apolisi amamanga alongo a anthu ena okha. Ndingachite chimodzi. Nyumba imeneyi ndikhoza kutumako ena, kapena mupiteko nokha. Mukapita nokha, mundibweretsere munthu kapena zipangizo. Chimene mungasankhe sindikufunsani."

Anandichitira ulemu waukulu, ndipo mpaka lero sindiwada. Ndinati ndipita ndekha. Tinayenera kunyamuka Lachitatu, choncho ndinali ndi masiku awiri. Achemwali analibe foni, koma Abiti Jafali anali nayo, ndipo nambala yawo inali m'foni mwanga. Mawu atatu okha akanakwana: bisani mbiya ija. Lachiwiri masana ndinakhala pansi pa mtengo wa kesha kuseri kwa ofesi, foni ili m'manja, mpaka batire inatsala pang'ono kutha. Za pepalalo tinkadziwa anthu atatu okha: ine, a Msowoya ndi amene analilemba. Tikanapeza pakhomo pali mbee, aliyense akanadziwa amene waulula. Ndinaganiza za mizere yanga itatu, za penshoni, za sukulu yanu. Foni ija ndinaibweza m'thumba.

Tinafika dzuwa litangokwera pang'ono, ine ndi makonsitabo awiri. Utsi unkatuluka kuseri kwa khitchini. Achemwali anali atakhala pa kampando, akusintha madzi m'kabwato, botolo lili kukamwa kwa paipi. Amayi ena akaona yunifolomu ankathawira m'chimanga kapena m'nthochi. Iwo sanasunthe. Anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndipo aka kanali koyamba kundiona nditavala za ntchito pakhomo pawo.

"Mwadya kale, a Sajeni?" anafunsa.

Makonsitabo aja sanamve tanthauzo lake. Ine ndinamva. Ndinawauza anzangawo kuti akadikire kumsewu. Kenako ndinafotokoza, mwa mawu a ku ofesi, kuti sindiwamanga, ndingotenga paipi ndi kuswa mbiya, ndipo dzina lawo silikafika kukhoti.

Anaimirira. "Ayi. Ndimange ine."

"Achemwali, simukudziwa chimene mukunena. M'selo mulibe ngakhale mkeka."

"Ndagonapo pansi moyo wanga wonse. Nditengere kukhoti, akandilipitse kapena akanditsekere mwezi, ndibwerako. Ana awa Abiti awasunga. Koma mbiya iyi ukaswa siumbidwanso. Amene ankadziwa dothi lake anatha onse, a masiku ano akuumba zongosungira madzi, ukaziika pamoto tsiku lonse zimang'aluka. Paipi ya mkuwa ndikaipeza kuti? Layi, ndimange ine, usiye mbiya ya amayi."

Anatambasula manja onse awiri, ataphatikiza, monga amachitira munthu wodikira unyolo. Manja amenewo anali ndi zipsera za moto mpaka m'zigongono.

Ndakhala ndikudziuza zaka zonsezi kuti ndinakana chifukwa sindikanatha kuona mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, amene anandilera, atakhala pa simenti ya m'selo pafupi ndi chidebe. Zimenezo ndi zoona, koma ndi theka. Theka linalo ndi lakuti kukhoti amaitana dzina mokweza, ndipo dzina la bambo awo ndi langanso. Ndinaona m'maganizo anthu a ku mpingo akunong'onezana. Ndinasankha chifundo cha apolisi chifukwa chinkandiphimba ine.

Ndinasolola paipi, inanditentha m'manja. Pafupi ndi mtondo panali musi. Ndinaukweza n'kumenya kamodzi kokha. Mbiya ija inalira ngati munthu wakhosomola, n'kugawika pakati, ndipo madeya otentha anakhuthukira pamoto n'kuuzimitsa. Nthunzi itatha ndinaona achemwali atagwada, akutola mapale limodzilimodzi n'kumaika pa chitenje. Sanalire, sanatukwane. Bwenzi zili bwino akanatukwana.

"Zikomo, bwana," anatero osandiyang'ana. "Muyende bwino."

Ku ofesi ndinamangirira kapepala ku paipi ija n'kulemba monga anandiphunzitsira sajeni wanga woyamba. A Msowoya anawerenga n'kundiyang'ana.

Novembala 2009

Patapita masiku anayi ndinapita ndi thumba la chimanga panjinga. Anandiyalira mkeka ngati mlendo, anandipatsa moni wa inu ndi inu, dzina la Layi osalitchula. Ndinati asavutikenso ndi mowa, ine ndiziwathandiza mwezi ndi mwezi.

"Mwachita bwino, bwana," anayankha. "Koma ine ndinaphunzira kudyetsa anthu. Kudyetsedwa sindinaphunzire, ndipo ndakula."

Ndinachoka ndikuganiza kuti mkwiyo ukatha amva. Ndinaganizanso, mopusa, kuti popanda mbiya nkhani ya kachasu yatha. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikuswa mbiya za anthu, ndinali ndisanadziwebe kuti mayi wotcheza sasiya chifukwa mbiya yasweka. Amangotcheza m'chimene wapeza.

Mvula yoyamba itangogwa, Lachisanu lina cha m'ma leveni, foni yanga inalira. Anali Abiti Jafali. "Che Layisoni, thamangani kuchipatala. Anzanga aja zavuta." Anali atawakweza panjinga mpaka pamsewu, kenako minibasi. Achemwali ndinawapeza pabedi thukuta lili kamukamu, dovu likutuluka losaleka, timaso takuda tija titachepa ngati nsonga ya singano, mpweya ukuchita kukoka. Adokotala anandifunsa ngati pakhomo pali mankhwala ophera tizilombo. Ndinati palibe. Anati ndikayang'anitsitse.

Abiti Jafali ndi amene anandifotokozera, tili pakhonde la chipatala. Achemwali anagula chigubu chachitsulo kwa munthu wina pamsika, ndi kapaipi kochokera ku bedi lakale. Chigubucho anachitsuka katatu ndi phulusa ndi mchenga, n'kuchiyanika padzuwa. Tsiku limenelo kanali koyamba kutchezeramo. Amuna asanu anali atakhala kale pansi pa mango, akudikira mutu, poti anali atausowa masabata atatu. Botolo litadzaza, achemwali anathira m'chivindikiro n'kulawa pamaso pawo monga mwa masiku onse.

"Anachita tsinya," anatero Abiti. "Akuti, mowa uwu si wanga. Analawanso kachiwiri kuti amve chalakwika n'chiyani, kaya ndi madeya, kaya ndi paipi. N'kulawanso kachitatu. Amuna aja akuti, mayi, mutimalizira, tipatseni. Mmodzi anafika pogwira botolo. Anamulanda, n'kukhuthulira lonse paphulusa, akuti lero kulibe mowa, pitani kwanu. Anawatukwana, che Layisoni, anawatukwana zedi. Iwo anagubuduza chigubu chonse n'kutaya. Kenako anabwera kwanga akuyenda ngati woledzera, akuti Abiti, mutu ukuzungulira."

Ndinapalasa njinga mpaka kumudzi. Chigubu chinali chigonere kuseri kwa khitchini. Nditachitembenuza n'kupala mwaye ndi mpeni, kunsi kwake kunaoneka chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Munkakhala mankhwala opopera mbewu. Ine amene ndinapita kusukulu ndi mbiya ija ndinatha kuwerenga Chingerezi chimene chinalembedwapo. Iwo sakanatha.

Loweruka masana anatsegula maso n'kundizindikira. Ndinawerama kuti ndimve.

"Layi."

"Ndili pano, achemwali."

"Palibe amene wamwa?"

"Palibe. Munataya wonse."

"Chabwino. Usakalembe m'mabuku ako kuti Edina anapha munthu."

Ndinayamba kupepesa, koma iwo anali atatseka kale maso. Sindikudziwa ngati anamva. Anatisiya dzuwa lisanapendeke. Chimene ndinatsala nacho n'chakuti anandiitananso Layi.

Pamaliro panalibe nyimbo za mpingo, poti anali wodulidwa. Mkulu mnzanga anangopemphera mwachidule. Manda anakumba ndi amuna omwe aja anawatukwana, ndipo mmodzi wa iwo, amene anagwira botolo uja, analira kuposa ife abale. Abiti Jafali ndi amayi anzawo a ku mzikiti anakhala m'nyumba ya siwa masiku onse atatu. Inu munabwera kuchokera kusukulu, munandifunsa chimene chawapha, ndipo ndinakuuzani za kuthamanga kwa magazi. Palibe amene ananditsutsa. Abiti anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndimakuonabe.

Zidzukulu zawo ziwiri zija ndinazitenga, ndi abale anu amene munakula nawo m'nyumba muno. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wamtima wabwino. Ndinkangoti zikomo. Lolemba lotsatira ndinapita kwa a Msowoya n'kuwauza kuti andipatse ntchito ina iliyonse, koma mbiya ya munthu sindidzaswanso. Anandiika pa kauntala, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka kupuma.

2018 mpaka lero

Mwezi wanga womaliza pa ntchito kunabwera chilolezo choti tichotse katundu wakale m'chipinda chosungira umboni. Munali njinga zodyeka ndi dzimbiri, zikwanje, mawailesi akufa, ndi mulu wa mapaipi pakona. Ambiri anali achitsulo wamba. Imodzi yokha mwa mulu wonsewo inali yolemera mosiyana, ndipo nditapala ndi chikhadabo panatuluka kufiira kwa mkuwa. Ndinapempha bwana wa nthawi imeneyo, mwana wamng'ono woti ndikanatha kumubereka, ngati ndingaitenge. Anaseka n'kunena kuti madala akamapuma amapempha zinthu zodabwitsa.

Ndikayenda m'midzi ya kuno masiku ano ndimaona utsi kuseri kwa makhitchini monga kale. Mbiya zatha, pafupifupi aliyense akutchezera m'zigubu ndi m'migolo, ndipo palibe amene amafunsa chimene chinkakhalamo. Lamulo lili pomwe lija, likugona, likudikira maliro ena. Ine si loya ndipo sindikudziwa mmene angalikonzere. Ndimangoima, n'kupempha mayi kuti anditembenuzire chigubu ndione kunsi kwake. Ena amandithamangitsa, amati wapolisi sapuma. Ena amatembenuza.

Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikulemba izi kuti mundikhululukire. Akanakhala kuti ndinaimba foni ija, kapena kuti ndinamanga manja amene anandipatsa okha, bwenzi atakhala m'selo masiku owerengeka, n'kubwerera ku mbiya yawo akunditukwana, ndipo mwina bwenzi lero tikumwa tiyi pamkeka. Anandiuza chochita momveka bwino. Ine ndinaganiza kuti ndikudziwa kuposa iwo chifukwa ndinavala chipewa.

Mukadzatsitsa paipi ija pa kabati mudzapeza kapepala kakadali komangirira ndi ulusi, kofiirira ndi ukalamba. Zolembazo ndi zanga, za tsiku lija: mwini wake sakudziwika. Dzulo ndinakatsitsa, ndinavala magalasi, ndinadula mzere pa mawu amenewo n'kulemba pansi pake. Ndalemba kuti: Edina, wa ku Malemia, mlongo wanga, amene sanaphe munthu.